Nsomba za m'miyala ndi dziko limene linang'ambika

Muno mu Africa muli nsomba ina imene simafa madzi akaphwa. Dambo likayamba kuuma, iyo imakumba m'matope n'kudzipinda, mcila kufika kumutu. Madzi olenda a pathupi pake amauma n'kukhala ngati cikwa, ndipo imasiyako kabowo kang'ono kopumila. Mmenemo ingakhale miyezi yambili osadya kanthu, kuyembekeza mvula. Imakwanitsa zimenezi cifukwa ili ndi mapapo, imapuma mpweya monga ife. Pa Cizungu amaicha lungfish, asayansi amati Protopterus, ndipo mtundu wake umodzi umapezeka m'cigwa ca Zambezi cathu comwe cino.

Nsomba imeneyi ndi abale ake zinavutitsa maningi anthu ophunzila a ku Ulaya. Mu 1837 Leopold Fitzinger wa ku Vienna analemba za nyama ina yaitali ngati njoka imene Johann Natterer anaitola ku Brazil. Inali ndi mapapo, ndiye Fitzinger sanakhulupilile kuti ndi nsomba. Anaipatsa dzina lakuti Lepidosiren paradoxa, ndipo liwu lomalizalo litanthauza cinthu cosokoneza mutu. Patangopita zaka ziwili, mu 1839, Richard Owen wa ku London anafotokoza ina yofanana nayo kwambili, koma yocokela ku mtsinje wa Gambia, kumadzulo kwa Africa. Yacitatu inaoneka mu 1870 ku Queensland, ku Australia. Gerard Krefft wa ku myuziyamu ya ku Sydney atayang'ana m'kamwa mwake anadabwa: mano ake aphwatalala anali ngati mano ena amene akatswili anali kuwadziwa kale, koma ocokela m'miyala cabe, ndipo onse anali kuganiza kuti eni manowo anatha kalekale.

Manje ganizani. Nsomba zitatu za banja limodzi, zonse za m'madzi opanda mcele, imodzi ku South America, ina ku Africa, ina ku Australia. Nsomba yotelo mukaiponya m'nyanja ya mcele siicedwa kufa. Pamene Africa ndi Brazil zayandikana kwambili pali makilomita pafupifupi 3,000 a madzi a mcele okhaokha, mtunda wa Lusaka kupita ku Nakonde katatu. Nanga zinaoloka bwanji?

Yankho loyamba linali la milatho. Akatswili ambili a nthawi imeneyo anali kunena kuti kale panali mtunda wouma wolumikiza maiko, nyama zinali kuyenda pamenepo, ndiyeno mtundawo unamila. Eduard Suess wa ku Austria, mu 1885, anaona kuti masamba a mtengo wina wakale wochedwa Glossopteris amapezeka atadinda m'miyala ya ku India ndi ya kum'mwela kwa Africa. Iye anati kumeneku kunali dziko limodzi lalikulu, n'kulipatsa dzina lakuti Gondwanaland, lotengela dela lina la pakati pa India kumene kumakhala anthu a mtundu wa Gond. Koma naye anali kuganiza kuti zigawo za pakati zinatitimila m'nyanja. Zinafika poti nyama iliyonse ikapezeka mbali ziwili za nyanja, wina anali kungojambula mlatho watsopano pa mapu.

Alfred Wegener, Mjelemani wodziwa za nyengo, ndiye anabwela ndi ganizo lina mu 1912, n'kulilemba m'buku mu 1915. Anati palibe cinamila. Maikowo anali ogwilana, anang'ambika, ndipo zidutswa zake zinasendela kutali zitanyamula nyama ndi zomela zake. Anamuseka. Anali ndi umboni wakuti zinacitika, koma analibe yankho logwila mtima pa funso lakuti ndi mphamvu yanji ingakankhe kontinenti yathunthu. Anafela m'cipale cozizila ku Greenland mu 1930, ganizo lake likali kuonedwa ngati nthano.

Amene anamuikila kumbuyo mwamphamvu anali wa kuno kum'mwela, Alexander du Toit wa ku South Africa. Munthu ameneyu anathela zaka zambili akuyenda m'cipululu ca Karoo kujambula mapu a miyala. Mu 1923 anapita ku South America, ndipo anapeza miyala itasanjikizana m'dongosolo lomwe lija anali kulidziwa kwawo, ngati munthu amene wafika kwa eni n'kupeza nyumba yomangidwa ndi pulani ya nyumba yake. Mu 1937 anatulutsa buku lakuti Our Wandering Continents. Ife tikaiona nkhaniyi, cimodzi cimaonekelatu: umboni wambili unali kum'mwela kwa dziko, pamene mapulofesa oweluza mlandu anali kumpoto, ndipo ambili a iwo miyala imeneyi anali asanaipondepo. Anadzavomeleza m'ma 1960, atayamba kupima pansi pa nyanja n'kupeza kuti pakati pa Atlantic pali mzele wa mapili pamene thanthwe latsopano limatuluka n'kukankhila mbali zonse ziwili. Nyanjayo ikali kukula mpaka lelo, masentimita ocepa pa caka, mwina liwilo limene zikhadabo zathu zimakulila.

Masamba aja a Glossopteris si nkhani ya kutali. Mu 1912 Robert Scott ndi anzake, pobwelela kucokela ku South Pole ali ndi njala ndi cisanu, anatola miyala yolemela makilogalamu pafupifupi 16 ndipo sanaitaye mpaka imfa. Mitembo yawo itapezeka, miyalayo inali pomwepo, ndipo inali ndi masamba a Glossopteris. Nkhalango zimenezo n'zimenenso zinaola m'madambo akale n'kusanduka malasha amene amakumbidwa ku Maamba. Conco magetsi a ku Maamba akafika m'nyumba zathu, timakhala tikuotha nkhalango ya Gondwana.

Tibwelele ku nsomba, koma lomba za m'miyala, zimene asayansi amati ma fossil. Nsomba ikafa n'kukwililika msanga m'matope a pansi pa nyanja, mafupa ndi mamba ake angasungike, matopewo n'kuuma kukhala mwala, cithunzi cake n'kutsala mmenemo zaka mamiliyoni.

Ku Bahia, m'mphepete mwa nyanja ku Brazil, Mngelezi wina dzina lake Joseph Mawson anakhala zaka zambili akutola mafupa otelo n'kumawatumiza ku London. Mu 1907 Arthur Smith Woodward wa ku British Museum anaona kuti ena mwa mafupawo ndi a nsomba yaikulu ya banja la coelacanth, ndipo anaicha Mawsonia. Dzina la Woodward musaliiwale, tikumana naye kutsogolo. Mawsonia sinali kansomba kokazinga ai. Zina zinali kupitilila mamita atatu, ndipo zinali kukhala m'mitsinje, m'nyanja zopanda mcele ndi pa mathililo a mitsinje, zaka zoposa mamiliyoni 100 zapitazo. M'zaka zotsatila mafupa a nsomba yomweyo anayamba kuoneka ku Egypt, ku Congo, ku Niger ndi ku Morocco. Mukaika timadontho pa mapu a lelo, timaoneka tobalalika, tina uku tina uko, Atlantic ili pakati. Mukasendeza Brazil n'kuilowetsa pa ngodya ya Africa pansi pa Nigeria, timadonthoto timasonkhana m'dela limodzi.

Kuti timvetse mmene zinalili, sitifunika kupita patali. Pitani ku Mpulungu mukaone Tanganyika: nyanja yaitali makilomita oposa 600 koma yopapatiza, yakuya pafupifupi mamita 1,470, mapili mbali zonse. Ili tele cifukwa pamenepo nthaka ya Africa ikukokeka n'kung'ambika. Atlantic ya kum'mwela inayamba conco. Zaka mamiliyoni pafupifupi 130 zapitazo mng'alu unayamba kum'mwela n'kumakwela kumpoto ngati zipi, ndipo m'mng'alumo munadzaza nyanja zazitali za madzi opanda mcele. Gombe lina ndi limene lelo ndi Brazil, linalo ndi Gabon, Congo ndi Angola. Nsomba inali kusambila kucoka ku gombe lina kupita ku linzake popanda pasipoti. Madzi a mcele anadzalowa pambuyo, ndipo podzafika zaka mamiliyoni pafupifupi 100 zapitazo maiko awiliwa anali atasiyana kothelatu. Matope a pansi pa nyanja zakale zimenezo ndi amene anabala mbali yaikulu ya mafuta amene Angola ndi Brazil amapopa lelo, aliyense ku gombe lake.

Mawsonia siili yokha. Kansomba kena kang'ono kochedwa Dastilbe, kamene kamadzaza miyala ya ku Araripe kumpoto cakum'mawa kwa Brazil, kanapezekanso m'miyala ya ku Equatorial Guinea. Palinso Polypterus, nsomba yaitali ya mamba olimba ngati matailosi ndi zipsepse zambili zondondozana pamsana. Lelo banja lake lili mu Africa mokha, ndipo mu Tanganyika ilimo. Koma mamba ndi mafupa a abale ake anafukulidwa ku Bolivia ndi ku Brazil, kumene lelo kulibe ndi imodzi yomwe. Ngakhale tiger wa ku Kariba ndi Zambezi, amene amadula ulusi wa asodzi, ali m'gulu limodzi ndi piranha wa ku Amazon amene timamuona m'mafilimu. Yang'anani mano ake, simudzafunsanso.

Za coelacanth wamoyo amene Marjorie Courtenay-Latimer anamuona pa mulu wa nsomba ku doko la East London mu December 1938 ambili munamvako. Nkhani yake ndi yokoma, koma pa mlandu uno si mboni, cifukwa iye ndi wa m'nyanja ya mcele ndipo angasambile kumene afuna.

Mboni zakale kuposa zonsezi zinatuluka pomanga msewu. Mu 1985, pamene anali kukumba msewu wolambalala tauni ya Grahamstown, imene lomba ndi Makhanda, anadula phili lina n'kuvundukula mwala wakuda wosalala. Malowo amachedwa Waterloo Farm. Robert Gess, katswili wa ku Albany Museum m'tauni yomweyo, wathela zaka zambili akupulumutsa miyalayo n'kumaing'amba umodzi umodzi. Inapangika m'dziwe la pa mathililo a mtsinje zaka mamiliyoni pafupifupi 360 zapitazo, pamene kunalibe mbalame, kunalibe maluwa, ndipo ma dinosaur anali asanalotedwe n'komwe. Munatuluka nsomba zovala mafupa kumutu ngati cisoti, tiana ta coelacanth tambili pamalo amodzi, ndiponso shaki wochedwa Antarctilamna. Dzinalo likuulula lokha: shaki ameneyu anayamba kudziwika m'miyala ya ku Antarctica ndi ku Australia. Nsomba za m'miyala za ku Antarctica zinayamba kutoledwa pa ulendo womwe uja wa Scott, ndipo amene anazifotokoza mu 1921 ndi Woodward yemwe uja.

Cimene timakonda pa Waterloo Farm ndi maina. Nsomba yaikulu yolusa ya kumeneko anaicha Hyneria udlezinye, kucokela ku Cixhosa, kutanthauza wodya ena. Ngakhale wa Cinyanja angalimve liwulo akachela khutu. Nyama ina ya miyendo inayi, imodzi mwa zoyambilila kukhala ndi miyendo m'malo mwa zipsepse, anaicha Tutusius umlambo mu 2018, polemekeza Desmond Tutu, ndipo umlambo ndi mtsinje. Panthawi imeneyo malowa anali pafupi kwambili ndi South Pole, kumene m'nyengo yozizila dzuwa limatha masabata osatuluka. Ndiye kuti Gondwana sanangong'ambika cabe, anali kuyendanso yense wathunthu pamwamba pa dziko.

Apa pafunika kusamala, cifukwa nkhani yokoma imanyenga. N'capafupi kunena kuti nsomba iliyonse yopezeka ku Africa ndi ku South America ndi mwana wa Gondwana, basi kwatha. Miyala siivomeleza zimenezo nthawi zonse.

Tengani nsomba ya mapapo imene tayamba nayo. Mafupa a makolo ake ali ku Scotland, ku North America, ku China, pafupifupi kulikonse. Kale zinali ponseponse, ndipo za kum'mwelazi n'zotsala cabe, zinzake za kumpoto zinatha. Ya ku Australia, yokhala ndi papo limodzi ndi zipsepse zonenepa, inapatukana ndi zinzake kale kwambili, Gondwana asanayambe kung'ambika. Umboni weniweni uli pa ziwili zinazo. Ya ku Africa ndi ya ku South America zonse zili ndi mapapo awili, zipsepse zoonda ngati zingwe, ndipo zonse zimabisala m'matope m'cilimwe. Asayansi akayelekezela DNA yawo amapeza kuti zinasiyana zaka zoposa mamiliyoni 100 zapitazo, nthawi yogwilizana ndi kutseguka kwa Atlantic. Nayenso Mawsonia anadabwitsa anthu mu 2021 pamene fupa lake linadziwika m'miyala ya ku Texas, kumene sikunali mbali ya Gondwana. Zioneka kuti madzi a mcele sanali kumuopsa kwenikweni.

Mlandu wovuta kwambili ndi wa bream imene timagula pa msika. Banja lake, la ma cichlid, lili ku Africa, ku Madagascar, kum'mwela kwa India ndi Sri Lanka, ndiponso ku South ndi Central America. Mapu amenewa ndi Gondwana weniweni, ndipo kwa zaka zambili mabuku anali kuphunzitsa conco. Vuto ndi lakuti mafupa a cichlid akale kwambili amene apezeka, monga a ku Mahenge m'dela la Singida ku Tanzania, ali ndi zaka mamiliyoni pafupifupi 45 cabe. Africa ndi South America zinali zitasiyana kale zaka zoposa mamiliyoni 50 nthawi imeneyo isanafike. M'miyala ya ku Araripe, mmene nsomba zinasungika bwino mpaka nyama ya m'thupi kuoneka, mulibe cichlid. Kafukufuku wa DNA wa zaka zaposacedwa nayenso akuonetsa kuti banjali ndi laling'ono kuposa Atlantic. Conco akatswili ena amati makolo a bream anaoloka nyanja ikali yopapatiza, poti ma tilapia ena amapilila madzi a mcele mpaka lelo. Ena amati mafupa akale alipo, kungoti sanafukulidwe. Ife tikupendekela kwa oyambawo, cifukwa mlandu saweluza ndi mboni imene sinafike pabwalo. Koma Africa yakumbidwa pang'ono kwambili poyelekeza ndi Ulaya, ndipo mwala umodzi ungatembenuze nkhani yonse.

Ndipo nsomba ili ndi njila zambili zofikila pamalo. Kapenta wa ku Kariba amene timadya ndi nsima si mbadwa ya Zambezi. Anamutenga ku Tanganyika mu 1967 ndi 1968 n'kukamuthila m'damu. Wina akadzafukula mafupa ake pansi pa Kariba zaka mamiliyoni zikubwelazi, adzajambula mtsinje umene sunakhaleko.

Funso lina limene silikambidwa kawilikawili ndi lakuti miyala imeneyi ili m'manja mwa ndani. Brazil ili ndi lamulo la mu 1942 lonena kuti ma fossil ndi cuma ca boma, koma nsomba za ku Araripe zadzaza m'mamyuziyamu ndi m'masitolo a ku Ulaya, America ndi Japan. Anthu osauka a m'migodi ya miyala anali kuzigulitsa mochipa, ena n'kukalembela mapepala a sayansi kutali. Mu 2020 akatswili ena analengeza dinosaur wamng'ono wa ku Araripe, Ubirajara, amene anali m'myuziyamu ya ku Karlsruhe ku Germany. Acinyamata ndi asayansi a ku Brazil anacita phokoso pa intaneti osaleka, pepala la sayansilo linacotsedwa, ndipo mu June 2023 mwalawo unabwelela kwawo. Lelo uli m'myuziyamu ya m'tauni yaing'ono ya Santana do Cariri, pafupi ndi kumene unakumbidwa.

Ife a Zambia tili m'nkhaniyi kumutu ndi kumiyendo. Cigwa ca Luangwa ndi mng'alu wakale wodzaza miyala ya mtundu wa Karoo, womwe uja wa du Toit, ndipo ndi amodzi mwa malo odziwika mu Africa pa mafupa a nyama zimene zinakhalako ma dinosaur asanabwele. Pa msewu wopita ku Chirundu pali mitengo imene inasanduka miyala, malo otetezedwa ndi National Heritage Conservation Commission, ndipo ambili timangopitilila pa basi osadziwa. Ana athu amaphunzila za Wegener pa bolodi, pamene umboni wake uli m'cigwa cimene agogo awo amalima.

Tinati tikumananso ndi Woodward. Mu 1921, caka comwe anafotokoza nsomba za ku Antarctica, anthu ogwila nchito mu mgodi wa Broken Hill, ku Kabwe, anapeza cigaza ca munthu wakale. Cinatumizidwa ku London, ndipo amene anacilandila n'kucipatsa dzina lakuti Homo rhodesiensis ndi Arthur Smith Woodward. Boma la Zambia lakhala likupempha kuti cibwezedwe kuyambila m'ma 1970. Cimene timaona m'mamyuziyamu athu ndi cofanizila cabe. Cigaza ceniceni cikali ku Natural History Museum ku London, m'nyumba imodzi ndi mafupa a Mawsonia amene Joseph Mawson anatumiza kucokela ku Bahia.